Mwera wa kwathu ndinakaupeza ku Zanzibar

Kwathu ku Nkhotakota mwana amaudziwa mwera asanadziwe kulemba dzina lake. Ukangoyamba kuomba cha m'mwezi wa Meyi, nyanja imasintha nkhope. Madzi amada bii, mafunde amabwera atasenza thovu, asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi pa mitengo kumasoka maukonde, ndipo usipa umakwera mtengo pamsika. Agogo anga aamuna, obereka mayi, anali msodzi moyo wawo wonse. Ankadzuka tambala woyamba n'kukaima pamchenga kumvetsera. Akabwerera n'kutsamiritsa nkhafi pakhonde, tinkadziwiratu kuti lero kondowole tidyera chigwada. "Nyanja yakana, mdzukulu wanga," ankatero. "Mwera salimbana nawo, amangoudikira."

Ndaphunzitsa Geography ndi History pa sekondale ina yoyendera kwa zaka 17. Zaka zonsezi Africa ndinkamuphunzitsa payekha, Asia payekha, monga mmene mabuku amawagawira. Ana ankaloweza kuti likulu la India ndi New Delhi, la Oman ndi Muscat, la Tanzania ndi Dodoma osati Dar es Salaam, phiri lalitali mu Africa ndi Kilimanjaro. Pakati pa zigawo ziwirizi pamapu pali chibuluu chachikulu cholembedwa kuti Indian Ocean, ndipo ndodo yanga inkangochidumpha ngati ngalande. Za mphepo ya monsoon ndinkalemba pabolodi, ana n'kukopera, mayeso n'kukhoza. Sindinaganizepo n'tsiku limodzi lomwe kuti mphepo imeneyo ili pachibale ndi ija inkatidyetsa chigwada.

Amene ananditsegula maso ndi alamu anga, akazi a achimwene. Sukulu analekeza Fomu 2, koma misewu ya Dar es Salaam amaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yawo, poti amakaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo kanayi pachaka. Tchuthi cha Ogasiti chitayandikira anandipeza ndikuchonga mapepala a ana, nati, "Alamu, inu mudzakalamba mukuloza mayiko ndi ndodo. Tiyeni mukaone ndi maso zimene mumauza ana a eni. Mukandithandizenso kulondera katundu." Ndinali ndi kandalama ka kubanki m'khonde kamene ndinkasungira malata. Ndinaganiza usiku wonse, kutacha ndinati malatawo ayambe adikira.

Tinakwera basi kudzera Dwangwa, Nkhata Bay ndi Mzuzu, n'kutsika zikhotakhota za ku Chiweta nyanja ili mbee kumunsi, mpaka Karonga. Pa Songwe tinadinditsa mapasipoti, tinaoloka mlatho wapansi, ndipo tsidya linalo, pa Kasumulu, alamu anandiuza kuti ndipititse wotchi patsogolo ndi ola limodzi. Anandichenjezanso kuti Mswahili amawerenga maola kuyambira dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa kwa iye ndi ola loyamba, 12 koloko masana ndi ola lachisanu ndi chimodzi. Nditalingalira ndinaona kuti ali ndi mfundo. Dziko lawo lili pafupi ndi ikweta, dzuwa limatuluka ndi kulowa pa nthawi yofanana pafupifupi chaka chonse, nanga tsiku liyambirenji pakati pa usiku anthu ali mtulo? Msewu wochoka kumeneko umakwera mapiri a Tukuyu, kozizira, kodzaza nthochi ndi minda ya tiyi ngati ku Thyolo, kenako n'kukafika ku Mbeya.

Alamu amakonda basi chifukwa imafulumira, koma ine ndinawachonderera kuti tikwere sitima ya TAZARA. Njanji imeneyi ndinali nditaiphunzitsa kambirimbiri: makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia, yomangidwa pakati pa 1970 ndi 1975 ndi ngongole komanso amisiri ochokera ku China, pa nthawi imene Kaunda ankafuna njira yotulutsira mkuwa osadzera kwa azungu olamulira ku Rhodesia. Koma kuwerenga n'kwina, kukhala pampando n'kumamva sitima ikulowa m'mapanga ndi kugunda pamilatho usiku wonse n'kwinanso. Kutacha tinali m'chigwa chotambalala, minda ya mpunga uku ndi uku, amayi akukweza timatumba ta mpunga pawindo pa siteshoni ya Ifakara. Ndinafunsa dzina la chigwacho. Anati Kilombero. Mpunga wonunkhira uja timaunyadira kuti ndi wa ku Karonga, dzina lake linachokera kumeneku.

Za Dar es Salaam sindichulukitsa, amene mumapitako pa geni mukuidziwa kuposa ine. Kutentha, chipwirikiti, tinjinga tamoto ta miyendo itatu timene amati bajaji potengera dzina la kampani ya ku India imene imatipanga. Dzina loti Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga amene ankasenza katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nkhondo imene makolo athu ambiri a ku Nyasaland anasenzanso nawo mitolo. Alamu anatha masiku atatu akunenerera mitengo m'masitolo. Tsiku lachinayi ndinawasiya akumanga mabelo, ine n'kukakwera ndekha sitima yapamadzi ya ku Zanzibar.

Ulendowu ndi wa maola awiri basi, koma nyanja tsiku limenelo inali itakwiya. Titangotuluka padoko sitima inayamba kudumpha, anthu n'kumagwira timajumbo pakamwa. Ine, mwana wa kunyanja, ndinatuluka kukaima panja. Ndipo mphepoyo ndinaizindikira. Sindikukometsa nkhani ayi. Kazizizidwe kake, mbali imene inkachokera, mmene inkaombera mosapumira osati mwa apo ndi apo ngati ya mvula, zonsezo thupi langa linazidziwa mutu usanaganize.

Pambali panga panaima bambo ena achikulire ovala mkanjo woyera ndi kofia yopeta. Tinacheza mosakaniza Chingerezi ndi Chiswahili changa chothyokathyoka. Ndinawafunsa ngati nyanja imakhala chonchi masiku onse. Anapukusa mutu. "Iyi ndi kusi, mama. Ino ndi nyengo yake. Mudzabwere Januwale, mudzapeza kaskazi, yochokera uku." Analoza kutsogolo kumene tinkapita. Ndinawafunsa kuti kumwera amati chiyani m'chinenero chawo. Kusini. Nanga kumpoto? Kaskazini. Ndinangoti kakasi. Ife timati kumwera chifukwa n'kochokera mwera, kumpoto chifukwa n'kochokera mpoto. Iwonso mbali za dziko anazitcha ndi mayina a mphepo ziwiri. Nditawafotokozera zimenezi anamwetulira, n'kundifunsa kwathu. Nditati Malawi, m'mbali mwa nyanja, anandiyang'ana kanthawi, nati, "Aa, Mnyasa. Wanyasa tili nawo kuno, a kalekale." Sanawonjezerepo kanthu. Kulemera kwa mawu amenewo ndinadzakumva mawa lake.

Tsono ndiloleni ndivale uphunzitsi pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kuyambira cha mu Epulo dzuwa limakhala litasendera kumpoto kwa ikweta, ndipo mtunda waukulu wa Asia, zigwa za India ndi mapiri a Tibet, umatentha kuposa madzi a m'nyanja. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, pansi n'kutsala pofunika kudzaza, ndiye mpweya wozizira wa kumwera kwa nyanja ya Indian umathamangira kumeneko. Poyamba umaomba kuchokera kumwera chakum'mawa, n'kumakhula gombe la Mozambique ndi Tanzania. Ukaoloka ikweta, kuzungulira kwa dziko kumaukhotetsa, n'kulunjika ku India utamwa madzi n'kukhuta. Umakafika ku Kerala kumayambiriro kwa Juni, ndipo imeneyo ndiyo mvula imene alimi a ku India amaidikira ngati mmene ife timadikirira ya Novembala. Nthambi ina ya mpweya womwewo imalowa kumtunda kuno, n'kupeza chigwa cha nyanja yathu chitagona kuchokera kumwera kupita kumpoto ngati khwalala, n'kuthamangamo. Ndiwo mwera. Pamene agogo ankatsamiritsa nkhafi pakhonde, mlimi wa ku Kerala anali m'matope akuwokera mpunga, ndipo chochititsa chinali chimodzi.

Ikafika Novembala zinthu zimatembenuka. Asia amazizira, mphepo n'kubwerera kuchokera kumpoto chakum'mawa. Ndiye taganizani munthu wa chombo cha thanga, wopanda injini. Akanyamuka mu Disembala ku Muscat kapena ku Sur m'dziko la Oman, kapena ku Mandvi m'chigawo cha Kutch ku India, kaskazi imamukankha mpaka ku Lamu, Mombasa, Zanzibar kapena Kilwa m'masabata ochepa. Koma akafika sangabwerere mawa. Ayenera kudikira miyezi kuti kusi iyambe. Munthu wodikira miyezi amafuna pogona, amaphunzira chinenero, amapemphera ndi eni mudzi, wina amakwatira. Chaka chamawa akabweranso amapeza mwana akukwawa. Zimenezi zachitika kwa zaka pafupifupi 2,000. N'chifukwa chake Chiswahili, chimene mafupa ake ndi a Chibantu ngati Chichewa chathu chomwechi, chinavala mawu ambirimbiri a Chiarabu, Chiperezi ndi Chihindi. Ngakhale liwu loti monsoon linachokera ku liwu la Chiarabu loti mawsim, kutanthauza nyengo.

Sikuti anthu okha ndi amene anaoloka. Nthochi zimene ndinaona ku Tukuyu, ndi zija zili kuseri kwa nyumba ya mayi anga, kwawo kwenikweni ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia. Mango kwawo ndi cha ku India. Nzimbe za ku Dwangwa, mpunga, ngakhale nkhuku imene timaphera mlendo, zonsezi makolo ake anachokera kutsidya kwa chibuluu chija. Anthu a ku Madagascar, chilumba chili pafupi ndi Mozambique apa, amalankhula chinenero chimene abale ake apafupi ali ku Borneo, mtunda wa makilomita oposa 6,000. Chinangwa ndi chimanga ndiye zinabwera mochedwa, kuchokera ku America kudzera kwa Apwitikizi, moti kondowole amene timamuyesa chizindikiro cha kwathu ndi mlendo wa dzulodzuloli tikamuyerekeza ndi nthochi.

Mzinda wakale wa Zanzibar, umene alendo amati Stone Town, eni ake Mji Mkongwe, uli pa chilumba cha Unguja. Chilumba china chachikulu ndi Pemba, kumpoto kwake. Tinjira take n'topanikiza moti galimoto silowa, ndipo nyumba zazitali zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu zimangotsala pang'ono kugundana mitu. Ndinasochera kangapo koma sindinadandaule. Zitseko n'zimene zinkandiimitsa: zamatabwa olemera, zosemedwa maluwa, maunyolo ndi mawu a m'Korani. Zina pamwamba n'zowongoka, luso la Aswahili ndi Aomani. Zina n'zokhota ngati uta, zokhomedwa zimisomali zamkuwa, luso lochokera ku India. Ndisanatope n'komwe ndinali nditadutsa mizikiti ingapo, kachisi wa Ahindu ndi tchalitchi cha Akatolika. Pamphambano ina ndinakhala pakhonde la simenti pakati pa azibambo, n'kugula khofi wowawa wa m'kakapu kopanda chogwirira, ndi kachidutswa ka chiponde cha shuga kotsitsira.

Koma chimene chinadya bwino kwambiri ndi makutu anga. Kugombe ndinamva mnyamata akuti ngalawa, akuloza kabwato kokhala ndi mitengo iwiri m'mbali yokachirikiza. Nsalu yokola mphepo amati tanga, ife thanga. Chombo ndi chombo, mpunga ndi mpunga. Pamsika wa Darajani mayi wina ankagulitsa maandazi ndi sambusa. Msikiti, bwana, boma, ndege, zonsezi ndinazimva popanda womasulira. Msilikali wathu ndi askari wawo, liwu la Chiarabu. Galimoto ndi gari ya moto, ndipo gari ndi liwu la ku India lotanthauza ngolo. Tsiku lililonse pa depoti ya Lilongwe timatchula liwu la Chihindi osadziwa. Pali limodzi lokha limene linandisokoneza: moyo kwa iwo ndi mtima. Ndiye dzina la doko la Bagamoyo, kumene maulendo ochokera kumtunda ankathera, amalimasulira kuti tula mtima wako. M'khutu la Mchewa limamveka molemera kuposa pamenepo.

Ku Kilwa sindinafike, ili kumwera pagombe la Tanzania, koma nkhani ya Zanzibar siyimveka popanda iyo. Mu 1331 mlendo wa ku Morocco, Ibn Battuta, anafika ku Kilwa n'kuutama mzindawo kuti ndi umodzi mwa yokongola kwambiri imene anaiona. Chuma chake chinali golide wochokera ku Great Zimbabwe kudzera padoko la Sofala. Akatswiri ofukula zakale anapeza khobidi la ku Kilwa m'mabwinja a Great Zimbabwe, ndi zidutswa za mbale za ku China m'malo onse awiri. Zonsezi zinkachitika mzungu asanazungulire Africa. Vasco da Gama anadzafika mu 1498, ndipo mu 1505 Apwitikizi anauthira nkhondo mzinda wa Kilwa n'kuufunkha. Amene anadzawachotsa Apwitikiziwo kumpoto kwa gombeli ndi Aarabu a ku Oman, atalanda linga la Fort Jesus ku Mombasa mu 1698. Pofika 1840 mfumu ya Oman, Seyyid Said, inali itasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar. Taimani kaye pamenepo: mfumu ya dziko la ku Asia kukhala ku Africa n'kumalamulira kwawo ili kuno. Ufumuwo unadzagawika pawiri iye atamwalira mu 1856, mwana wina n'kutenga Oman, wina Zanzibar.

Seyyid Said analimbikitsa ulimi wa karafuu, timaluwa touma tonunkhira tija amathira mu mpunga ndi mu tiyi, timene kwawo ndi ku zilumba za Maluku ku Indonesia. Karafuu amathyola ndi manja, kamodzikamodzi, tisanamasule, munthu atakwera mumtengo, kenako n'kuyanika pamphasa. Minda ikuluikulu inkafuna manja ambiri. Nthawi yomweyo minyanga ya njovu inali pa mtengo: ku India ankapangira zibangili za akwati, ku Ulaya ndi ku America mabatani a piyano ndi mipira ya biliyadi. Amalonda a ku India okhala ku Zanzibar ankakongoza ndalama ndi katundu, nsalu yoyera yotchedwa merikani inkachokera ku America, mfuti ku Ulaya, atsogoleri a maulendo anali Aswahili, Aarabu, Ayao ndi Anyamwezi, ndipo mafumu ena a kumtunda ankalandira nsalu ndi wonga n'kupereka anthu. Palibe amene angasambe m'manja. Mphepo ija inabweretsa nthochi ndi yomweyo inkanyamula anthu.

M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinapita ku Mkunazini, kumene kunali msika wa akapolo mpaka pamene Sultan Barghash anautseka mu 1873 mokakamizidwa ndi Britain. Pamalopo pali tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene Bishopu Edward Steere wa mishoni ya UMCA anachimanga, mishoni yomweyo imene inadzamanga tchalitchi cha St Peter pa Likoma. Otsogolera alendo amati guwa lili pomwe panali mtengo womangirirapo anthu powakwapula. Anatilowetsa m'tizipinda tapansi, totsika denga, tokhala ndi timazenera ngati ming'alu, timene amati munkasungidwa anthu podikira tsiku la msika. Tinalimo anthu asanu ndi atatu okha koma mpweya unkachepa. Panja pali dzenje, m'menemo muli ziboliboli zisanu za anthu, unyolo uli m'khosi. Sizikulira, sizikukuwa. Zangoima, maso pansi.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Alendo anzanga anajambula zithunzi n'kumapita, ine miyendo inakana. Pakuti njira imene inkathera pamsika umenewu ndikuidziwa poyambira pake. Ndi pamchenga pomwe agogo ankaima kumvetsera mwera.

Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota n'kutenga udindo wa Jumbe, umene unadzapitirira kwa omulowa m'malo. Anthu ogwidwa kumtunda, cha ku Kasungu mpaka kuchigwa cha Luangwa, ankawasonkhanitsa pa Linga, pagombe la Nkhotakota, n'kuwaolotsa nyanja pa zombo za thanga, n'kuwayendetsa pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa Kivinje, kenako pa chombo china kupita ku Zanzibar. Livingstone anafika ku Nkhotakota mu 1861 komanso mu 1863, ndipo mkuyu umene amati anakumaniranapo ndi Jumbe tonse tinakula tikuuona. Iye analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti anthu 19,000 ochokera kudziko la Nyasa lokha ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbacho chaka chilichonse. Amenewo ndi amene anafika amoyo. Ambiri a iwo sanapite kutali, anathera m'minda ya karafuu ya Unguja ndi Pemba. Bambo a m'sitima aja ankanena amenewa.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandivuta, ndipo sindifuna kuizembera. Kuchimuna kwa mayi anga amanyadira kuti kholo lawo linabwera ndi Jumbe, linali mmisiri wokhoma zombo. Chisilamu cha m'banja mwathu, kaphikidwe ka mpunga, migwalangwa ya kokonati ya kugombe, akuluakulu amati zonsezi n'za nthawi imeneyo, ndipo ine ndimazikonda, ndi zanga. Koma agogo anga aakazi, obereka bambo, amene anali Mkhristu wa Anglican wosaphonya Misa, anandinong'oneza tsiku lina tikusenda chinangwa kuti agogo awo anafika pa Linga ali kamtsikana, chingwe chili m'chiuno, ndipo anatsala chifukwa anadwala tsiku loolotsa. Sanabwerezenso nkhaniyo, ndipo pamaliro kapena paukwati siitchulidwa. Magazi a wokhoma chombo ndi a amene anayenera kukwera chombocho onse akuyenda mwa ine. Ndikhulupirira kuti mabanja otere ndi ambiri kwathu kuja, kungoti tinasankha kukumbukira mbali imene siichititsa manyazi. Ulamuliro wa ma Jumbe unatha m'zaka za m'ma 1890 pamene boma la atsamunda linachotsa womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar komweko, koma anthu anatsala, n'kukwatirana, n'kukhala mtundu umodzi.

M'tchalitchi muja muli kamtanda kakang'ono kosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone mu 1873. Alendo ambiri akaona kamtandako amaganiza za mzunguyo. Ine ndinaganiza za Chuma. James Chuma anali kamnyamata ka Chiyao pamene anamasulidwa m'gulu la akapolo kumapiri a Shire mu 1861, n'kukakhala ku mishoni ya Magomero. Mu 1864 Livingstone anamutenga pa kasitima kotchedwa Lady Nyassa kuchoka ku Zanzibar kupita ku Bombay, ulendo wa masiku 45, akuthamangitsana ndi kusi kuti isawapeze pakati pa nyanja itakula mphamvu. Mnyamatayo anaphunzira sukulu ku India, anabwerera ku Africa, ndipo patapita zaka iye ndi mnzake Susi ndi ena ndi amene anasenza mtembo wa Livingstone kuchoka kwa Chitambo mpaka ku Bagamoyo, miyezi yambiri ali panjira. Mwana wa kwathu konkuno anaoloka chibuluu chija kupita ndi kubwera, ine ndikumachidumpha ndi ndodo.

Ena anaoloka osabwerera. Ku India, m'zigawo za Gujarat ndi Karnataka, kuli anthu otchedwa Siddi, akuda ngati ife, tsitsi ngati lathu, amene makolo awo anachokera ku Africa. Amalankhula zinenero za kumeneko koma ng'oma sanaitaye. Kumwera kwa Somalia, m'mbali mwa mtsinje wa Juba, kuli anthu amene mpaka lero amakumbukira kuti makolo awo anali Ayao, Amakua, Azigua ndi Anyasa. Bishopu Steere mu 1876 anayesa kubwezera gulu la omasulidwa kwawo kunyanja, koma atafika ku Masasi, kumwera kwa Tanzania, anthuwo anaona nthaka yabwino n'kukhazikika pomwepo.

Ndipo mkwiyo wa zaka zonsezo sunasungunuke wokha. Pa 12 Januwale 1964, patangotha mwezi umodzi Zanzibar italandira ufulu, anthu anaukira n'kugwetsa Sultan, ndipo Aarabu ndi Amwenye ambiri anaphedwa, ena osalakwa n'komwe, ena n'kuthawa. Pa 26 Epulo chaka chomwecho Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika n'kupanga dziko limene lero ndi Tanzania, ife tikukonzekera ufulu wathu wa pa 6 Julayi. Mwa othawawo ambiri anakathera ku Oman, n'chifukwa chake lero ku Muscat kuli mabanja amene m'nyumba amalankhula Chiswahili. Mayi amene ndinagona kunyumba kwawo anandiuza kuti mchemwali wawo ali kumeneko, amatumizirana mawu pa WhatsApp tsiku ndi tsiku. Nditawafunsa za 1964 anangoti, "Mwanangu, imwani tiyi asazizire."

Madzulo omaliza ndinakhala pa Forodhani, pabwalo la m'mbali mwa nyanja pamene amaotcha nsomba ndi kufinya nzimbe dzuwa likalowa. Anyamata ankadumphira m'madzi kuchokera pakhoma ngati mmene ana amachitira sitima ya Ilala ikakocheza. Patali ndinaona chombo chikutuluka, thanga limodzi la makona atatu litakhuta mphepo, chikupendekera mbali imodzi. Panalibe phokoso la injini. Chinkalowera kumpoto, kusi ili kumbuyo kwake. Ndinachiyang'ana mpaka chinasanduka kadontho.

Sukulu itatsegulira ndinalowa mu Fomu 3 ndi kathumba ka karafuu kamene ndinagula pa Darajani. Ndinakayendetsa m'kalasi kuti aliyense anunkhize. Kenako ndinapachika mapu, koma m'malo moyamba ndi malikulu ndinafunsa kuti ndani ali ndi bambo kapena malume msodzi. Manja anakwera oposa theka. Ndinawafunsa miyezi imene mwera umaomba, ndi mbali imene umachokera, ndipo anayankha mokuwa, ngakhale aja amakhala chete kumbuyo. Ndinatenga choko n'kujambula muvi kuyambira kumunsi kwa Madagascar, kukhula gombe, kukhota pa ikweta mpaka ku India, ndi kanthambi kolowa m'nyanja yathu. Kenako muvi wina wobwerera. Kenako mzere wachitatu, wa choko chofiira, kuchoka pa Nkhotakota, kuoloka nyanja, kukafika ku Kilwa ndi Zanzibar.

Mtsikana wina wa kutsogolo, amene kwawo ndi pa Linga pomwepo, anakweza dzanja. "Madamu, nanga amene ankawagwira anzawowo anali ochokera kuti?" M'kalasi munangoti zii. Ndinamuuza kuti ena anali alendo, ena anali a konkuno, ndipo ndinawafotokozera za makolo anga awiri aja, wokhoma zombo ndi wa chingwe m'chiuno. Aka kanali koyamba kuinena nkhaniyi pagulu. Belu litalira palibe anadzuka msanga. Mnyamata wina ananditsatira mpaka pakhomo la ofesi, nati agogo ake ali ndi nkhani yofanana nayo, ndipo akawafunsa bwino Loweruka. Tagwirizana ndi kalasi yonse kuti mwera ukadzayambanso mu Meyi tidzapita wapansi kukaima pansi pa mkuyu uja, kenako n'kutsikira kumchenga, aliyense atanyamula zimene wamva kwa agogo ake.